Makumba Anga ndi Lenti ya Apongozi

Lolemba, 13 Febuluwale 1956
Dziwe lakwanitsa masabata 14 lero. Mapazi 30 m'litali, 18 m'lifupi. Makumba 23, onse a mu mtsinje wa Nsadzu, opulumuka katupe wophera nsomba amene anthu anathira m'maiwe chilimwe chatha. Kumtsinje tsopano achule okhaokha. Mlangizi wa ku boma anati ndisadyeko ngakhale imodzi mpaka ziswane, ana tidzabwezere kumtsinje. Ndinalonjeza. Madeya mbale ziwiri pa tsiku.

Lachitatu la Phulusa, 15 Febuluwale
Lenti yayamba. Lachisanu nyama ayi. Potuluka m'tchalitchi andipatsa moni anthu 9 amene chaka chonse sandiona. Alamu anga a Filimoni: "Alamu, nsomba zija zadzuka bwanji?" Za ine sanafunse.

Lachisanu, 17 Febuluwale
Zatsala 21. Apongozi atengako ziwiri. Dambo ndi lawo, ine mkamwini chabe, ndipo maso ndi maso sitilankhulana. Ndinatuma mkazi wanga Elinata: "Kawauze amayi kuti nsombazi ndi zambewu." Iye wakanena kuti ndathokoza pozikumbukira. Akuti mawu anga anali ouma, ndiye anawafewetsa panjira.

Lachisanu, 24 Febuluwale
18. Ndinawaona apongozi akutsika ndi dengu lovuulira. Mwa ulemu ndinapatuka, n'kukaima kuseri kwa nthochi. Mphindi 40, nyerere zikundikwera m'miyendo, ndikumva nsomba zanga zikuphupha m'dengu. Madzulo anditumizira mutu umodzi m'kambale. Kubweza chakudya cha apongozi sikutheka. Ndadya. Mulungu andikhululukire, yokoma.

Lachisanu, 2 Malichi
14. Ndinapita kwa akatekisiti a Timoti kukafunsa ngati nkhwani sukwanira pa Lenti. Ati ukwanira ndithu, ndipo Lamulungu akalengeza. Pondiperekeza anafunsa kuti dziwelo lili chakuti.

Lachisanu, 16 Malichi
8. Sabata yatha sindinalembe. Dzanja linakana.
Akatekisiti sanalengeze. Kwatsala Lachisanu kawiri. Apongozi akamatenga zitatuzitatu, pa Pasaka zitsala 2, ndipo sindidziwa ngati yaimuna ndi yaikazi. Akatenga zinayizinayi, litsala dziwe. Matuza a khasu sanapole n'komwe. Bambo anga ankabwera nazo zodzaza lichero nsomba zimenezi. Ana anga adzangomva dzina.

Lachisanu, 23 Malichi
Ine kunthochi monga mwa masiku onse. Mwadzidzidzi mfuu. Ndinasuzumira pakati pa masamba. Apongozi agwira ina yaikulu, ikulavulira tiana m'manja mwawo, tambirimbiri, tating'ono ngati mpunga. Mlangizi anandiuzapo kuti makumba amalerera m'kamwa, koma ndinali ndisanaonepo. Apongozi anaibweza m'madzi ndi manja awiri, mwaulemu.
"Mayo ine, ntchembere! Elinata! Amuna akowa amandidyetsa anakubala, osanena?"
Kunena ndinanena, pa 17 Febuluwale.
Zonse 8 zilipo. Tiana sindinawerenge, misozi inatchinga.

Lachisanu Loyera, 30 Malichi
Apongozi amanga mpanda wa mapesi kuzungulira dziwe. Akuti muli chikuta, ndipo kumene kuli mwana wakhanda mwamuna safikako. A Filimoni anabwera ndi mbedza, abwerera ndi chotupa pamutu. Mthiko wa apongozi. Akatekisiti anangothera pa mpanda n'kupereka moni. Madeya akuthira okha apongozi, mbale zinayi, kuti anakubala amafunika kukhuta. Zachuluka, madzi aonongeka, koma ndiwauze bwanji?
Lero tonse nkhwani. Sindinadyepo nkhwani wokoma chotere.

Lolemba, 2 Epulo
Ndinatsika ndi pensulo kukawerenga. Andibweza. Dziwe ndinakumba ndekha, masiku 31. Ndati Elinata akafunse, modzichepetsa, kuti chikuta chimenechi chitha liti. Yankho: monga mwa mwambo, mchombo wa mwana ukagwa.
Ndakhala pakhonde kuyambira masana. Ndatembenuza nsomba zambiri m'moyo wanga, zaziwisi ndi zouma. Mchombo sindinauonepo.