Kambalame Kachikasu Pakhoma la Fakitale

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira kuti miyendo ija yasiya kukuvutani. Kuno tili bwino.

Lamlungu lililonse ndimazungulira mzinda uno kuona zithunzi zimene mwana wanu ankajambula m'makoma asanasowe. Paja sankalemba dzina, ankangoika kambalame kachikasu m'munsi. Kodi mukukumbukira kuti anayambira pachitseko chanu, inu n'kumuthamangitsa ndi tsache?

Zambiri zinafufutika. Chithunzi cha woimba gitala cha kuseri kwa siteshoni chija anachimata mapepala otsatsa malonda, kwangotsala maso.

Koma dzulo, pakhoma la fakitale yakale, ndinapeza kambalame kena. Nditakakhudza, penti inandikakamira kuchala.

Ndinadikira mpaka miyendo kuwawa, osabwera munthu. Sindikunena kanthu, Azakhali, ojambula amaonererana. Komabe chitseko chija musachipente kaye.

Ndine mwana wa achimwene anu.