Bambo ndi Chingwe pa Strahlhorn

Lolemba, 14 Epulo
Bambo akakamirabe. Tikakwere phiri la Strahlhorn, sabata ino, awiriwiri. Moyo wawo wonse kuperekeza alendo m'mapiri a kuno ku Saas, lero akufunafuna magalasi ali pamphuno. Adokotala anati matenda oiwalawa sabwerera m'mbuyo. Mchimwene wanga Silvan pafoni: "Regula, wapenga? Ukawataya mumng'alu wa ayezi." Kulankhula n'kosavuta uli phee ku Bern. Ndavomera kupita ndi Bambo. Mantha okhaokha.

Lachitatu, 16 Epulo
Tafika pakanyumba kogona okwera phiri. Akangovala ma ski, timatabwa toyendera pachipale, Bambo amasanduka munthu wina. Miyendo ikukumbukira zonse. Koma supu apempha kawiri, akuti sanadye.

Chikundidya n'chingwe. Pa ayezi timayenda titamangana, ndipo wotsogola ndiye amawerenga chipale, kudziwa pamene pabisala mng'alu. Chiyambire ndimatsata m'mapazi mwawo. Ulendo uno nditsogola ndine. Sindinawauze. Ndiyambira pati?

Lachinayi, 17 Epulo
Chimphepo. Sitinanyamuke. Ndawauza zoti nditsogola ndine. Anayang'ana pawindo, kenako: "Ndiye ndasanduka katundu, eti?" Tsiku lonse osandilankhula. Masana ndawapeza akumanga mfundo pamwendo wa tebulo, kumasula, kumanganso. Iliyonse yolakwika. Ndinakalirira kuchimbudzi ngati chitsiru.

Loweruka, 19 Epulo
Dzulo sindikanatha kulemba.

Tinanyamuka mbandakucha, ine patsogolo. Sanatsutse. Mfundo ndinawamangira ndekha, iwo atakweza manja ngati mwana womuveka malaya. Ayezi yense tinamuwoloka bwinobwino. Pansonga kuli mbee, tinagawana tchizi ndi buledi. Ndinasangalala, ndisaname.

Ndinaiwala chimodzi. Potsika woperekeza amakhala kumbuyo, kuti mlendo akagwera mumng'alu amugwire. Ndikumangabe nsapato, Bambo anali atatenga kale malo awo, chingwe atakulunga bwino paphewa. Nkhope yowala, ulemu wonse uja wa kuntchito.

"Tsogolani, mayi, musaope, ndakugwirani. Mwati dzina lanu ndani?"

Ndinawauza. Anasangalala. Akuti nawonso ali ndi mwana wamkazi wa dzina lomwelo, koma akadali wamng'ono, kuphiri sanayambe kumutenga.

Ndikanagwa, sakanandigwira. Ndinkadziwa. Dzuwa linali litayamba kufewetsa chipale, nthawi yokangana panalibe.

Ndinatsogola.