Rozina Sabwereranso Kalasi Yoyamba

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino ku Beira. Kuno ku Milange tili bwino, chifuwa cha amayi chija chatha.

Mwana wanu Rozina anatsala pang'ono kubwezedwa kalasi yoyamba. Adiretori atsopano a pasukulu pathu analamula okha kuti ana onse ochokera kumisasa ya ku Malawi ayambirenso, poti sadziwa Chipwitikizi. Pamsonkhano wa aphunzitsife ndinaimirira n'kunena kuti, "Bambo, za malata ndi mabenchi lamulani, koma za m'kalasi timagamula limodzi." Titakweza manja, ambiri tinasankha kuwayesa anawo masamu. Rozina anakhoza onse, adiretori akuonerera. Watsala m'kalasi yachinayi.

Chipwitikizicho ndimuphunzitsa ndekha. Nsapato zija zidikire, mutumize kaye dikishonale. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Jasinta