Nyali Ndi Imodzi, Oimba Ndi Awiri

Aphungu,

Ndagwira njakata. Kalatayi ndikulembera pa makwerero a kuntchito, chifukwa kunyumba mpweya wake ndi wolemera.

Ntchito yanga ndi yoyatsa nyali m'holo ya zisudzo. Ndimakhala m'kachipinda ka m'mwamba, kumbuyo kwa anthu, ndi nyali yaikulu imodzi yokhala ndi chogwirira. Amene akuimba pasiteji ndimamulondola nayo, ena onse n'kutsala mumdima. Ndaigwira zaka zambiri popanda wondidziwa, ndipo ndinkakonda choncho.

Chaka chino gulu lathu linaganiza zoutsa sewero loimba lakalekale, la mtsikana wogulitsa matikiti pasiteshoni amene amachoka kwawo ndi sutikesi imodzi. Kuno aliyense wa imvi amalidziwa pamtima. Amene ankasewera mtsikanayo kalelo ndi amayi anga ondibereka, moti kumsika amawaitanabe ndi dzina la m'seweromo. Amene akumusewera tsopano ndi akazi anga. Amayi amakhala nyumba ya kuseri, bwalo ndi limodzi, chingwe choyanikira zovala ndi chimodzi. Mwayamba kuona pamene pali minga.

Wotsogolera sewero timamutchula Kasikafu, chifukwa savula sikafu ngakhale kutenthe bwanji. Iyeyu anati anthu a masiku ano sakhalitsa pampando. Anachotsa limba n'kuikapo magitala amagetsi, nyimbo zonse anazithamangitsa, ndipo nyimbo yotsanzika, imene mtsikana amaimba podikira sitima, anaidula yonse. Anati mtsikanayo angoima duu ndi sutikesi, ayang'ane anthu, katani itseke. Akuti chete amalankhula kuposa nyimbo.

Tsiku loyamba holo inadzaza, ndipo anthu anadzigawa okha: achikulire kumanzere, kufupi ndi khomo la kuchimbudzi, achinyamata kumanja ndi mafoni awo. Magitala akalira, kumanja amaomba m'manja, kumanzere amatsonya. Titafika kothera, akazi anga anaima ndi sutikesi monga anawauzira, nyali yanga ili pa iwo. Kenaka mumdima, pamzere wachitatu, ndinamva munthu akukonza kukhosi. Kukhosi kumeneko ndimakudziwa, Aphungu, ndi komwe kunkandidzutsa kuti ndizipita kusukulu. Amayi anaimirira n'kuyamba nyimbo yodulidwa ija, ndipo kumanzere konse kunalandira. Madala ena misozi ili chuchuchu, kumanja akukuwiza kuti agogo akhale pansi, ena akujambula.

Dzanja langa linazolowera kutsata mawu, amene akuimba ndiye mwini nyali. Ndisanaganize n'komwe, nyali inali itachoka pasiteji n'kukatera pa amayi. Akazi anga anatsala mumdima ndi sutikesi yawo mpaka nyimbo itatha, ndipo amayi sanadumphe ndime.

Kutacha, tauni inagawikana. Wolemba nkhani wina anati Kasikafu ndi katswiri, chifukwa anabisa dala woimba wakale pakati pa anthu pofuna kusonyeza kuti zakale sizifa. Kasikafu anadula nkhaniyo n'kuimata pachitseko cha ofesi, atatha kundikalipira ine kuseri. Wa nyuzipepala ina anati sewerolo alipha, magitala akumveka ngati malata pamphepo, ndipo mtsikana watsopanoyo "anangoima ngati mzati wa magetsi ozima". Wondimeta tsitsi ali mbali ya magitala ndipo amandiuza zimenezi lumo lili pakhosi panga. Mayi wogulitsa buledi ali mbali ya amayi, ndipo tsopano amandisankhira wotentha. Matikiti akutha msanga, chifukwa ena amabwera kudzaimba ndi amayi, ena kudzawakuwiza. Amayiwo sanajombe ndi tsiku limodzi lomwe.

Pofuna kusakondera, masiku otsatirawa nyimbo ikayamba nyali ndimailoza pakati, pansi popanda munthu. Pamalopo pali chidebe cha mchenga wozimira moto, ndipo ndicho anthu akhala akuchiona bwino.

Akazi anga anangondifunsa kuti, "Bambo a mwana, miyezi yonse ija ndimayeserera kuti anthu adzaone chidebe?" Ndikawadandaulira amayi amati, "Ine ndinagula tikiti. Analembapo kuti osaimba?" Kasikafu naye, poona mzere wa ogula matikiti, akuti iye salowerera nkhani za m'banja.

Zondizunguza mutu zilipo ziwiri. Amayi atamva za mzati wa magetsi zija anavala nsapato kuti akamuone wolembayo, akuti, "Mpongozi wanga womunena ndine, osati munthu amene sanaimbepo ndi kubafa komwe." Tinachita kuwagwira pageti. Komanso akazi anga akamasamba ndimawamva akuimba nyimbo yomweyo chapansipansi, ndime zonse, koma akangotuluka n'kundiona amasiya.

Loweruka likubwerali ndi tsiku lotseka. Amayi asita kale diresi lomwe ankavala pasiteji kalelo. Akazi anga anena, osakweza mawu, kuti nyali ikadzawachokanso, sutikesi ija adzatuluka nayo pakhomo la holo osatembenuka. Sutikesiyo ndi yathu ya kunyumba, gulu linangobwereka, ndipo masiku ano akazi anga akumabwera nayo kunyumba n'kuiika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Akazi anga ndimawakonda, ndipo ndili ndi mantha. Koma amayinso sindinawaonepo akusangalala chonchi chimwalirireni bambo. Nyaliyi ndiiloze kuti?

Ndine wothedwa nzeru,
W.K., m'tauni ya holo imodzi

*

Bambo a nyali,

Ndaseka mpaka tiyi kutayikira pa kalata yanu, koma nditafika pa sutikesi kuseka kwatha. Funso lanu ndi lapafupi: nyali ndi ya akazi anu. Ntchito yanu ikunena zimenezo, ukwati wanu ukunena zomwezo, ndipo si kawirikawiri pamene ziwirizi zimagwirizana chonchi.

Za tsiku loyamba ndakukhululukirani, dzanja limaphonya. Za chidebe ndiye ayi. Kumeneko si kusakondera, ndi mantha. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo inu mwavumbwa kale: amayi sanakuthokozeni, akazi anu akulongedza, chidebenso sichinanene kanthu.

Yambani ndi kupepesa, lero lomwe. Musayambe kufotokoza za dzanja lozolowera kutsata mawu, chifukwa akazi anu anakwatiwa ndi inu, sanakwatiwe ndi dzanja. Muwauze kuti munawasiya mumdima pamaso pa anthu, ndipo munabwereza mukudziwa. Mukatero tsekani pakamwa, mumve zonse zimene asunga. Zidzakhala zambiri, choncho khalani pansi.

Mitima ikatsika, afunseni za nyimbo ya kubafa ija. Munthu amene amaimba ndime zonse kuseri kwa chitseko sadana ndi nyimboyo. Anamulanda asanailawe, ndipo womulanda si apongozi ake, ndi Kasikafu. Tangoganizani, munthu kupatsidwa gawo limene tauni yonse imalikumbukira chifukwa cha nyimbo imodzi, n'kuuzidwa kuti pofika pa nyimboyo aime duu. Afunseni ngati angakonde kuiimba okha Loweruka. Ndati kufunsa. Akakana, nkhaniyo ithere pomwepo, musakhale Kasikafu wachiwiri m'nyumba.

Kwa amayi mupite nokha, musatume mwana, ndipo musalankhule muli chilili pakhomo. Musawauze kuti asabwere kuholo, chifukwa adzabwerabe ndipo adzakweza mawu. Auzeni mwaulemu koma mosazungulira kuti nyali sidzafika pamzere wachitatu. Muwauzenso zimene simunawauze, kuti kuimba kwawo kwaika banja lanu pamoto. Ine sindikukhulupirira kuti akudziwa. Munthu amene amavala nsapato kukamenyera nkhondo mpongozi wake si mdani wa mpongoziyo. Amayi anu akulondera nyimbo yawo kuti isakwiriridwe iwo ali moyo, ndipo sanaone kuti polonderapo akuponda phazi la mnzawo.

Ngati akazi anu avomera kuimba, apempheni amayi awaonetse popumira ndi pokwezera mawu. Woimba wakale akapemphedwa kuphunzitsa amaiwala kuti anakwiya. Mugwirizane kuti woyambitsa ndi wa pasiteji, ndipo amayi ndi gulu lawo la kumanzere adzalandire pobwereza. Achinyamata a kumanja musawadere nkhawa. Aimva nyimboyo masiku onsewa akuikuwiza, moti pofika pano akuidziwa kuposa za magitala zija.

Kasikafu ndi wosavuta kuposa mmene mukumuopera. Munthu amene anamata pachitseko chiyamiko cha zinthu zimene sanachite ali ndi khomo lolowera. Mupite ndi akazi anu, mukamuuze kuti nyimbo ikabwerera pasiteji tsiku lotseka, olemba nkhani adzati ndi mmene anakonzera kuyambira pachiyambi. Akayamba za chete wolankhula, mukumbutseni kuti chete wakeyo sanamvekepo ndi tsiku limodzi lomwe m'holomo.

Za manyuzipepala zisiyeni panja pamodzi ndi nsapato. Wina akuti katswiri, wina akuti malata, onse anaonera sewero limodzi ndipo onse anakagona kwawo. Mawa nyuzi zomwezo adzakulungira tomato. Wometa tsitsi muzingomuvomera mpaka achotse lumo.

Mwina zonsezi zikanika, amayi n'kudzaimirirabe ndi diresi lawo n'kuyamba okha. Zikatero alekeni aimbe mumdima. Mawu amene ankakudzutsani kupita kusukulu safuna nyali kuti amveke, ndipo sewero likatha mudzawaperekeze kunyumba mutawagwira mkono, muwauze kuti anaimba bwino. Koma chogwiriracho mudzachigwire ndi manja awiri, kuwala kukhale pa nkhope ya akazi anu mpaka katani itatseka, ngakhale denga ligwe.

Chenjezo langa ndi ili: musadalire Loweruka. Mkazi amene amanena za kuchoka osakweza mawu amakhala kuti anaganiza kale, ndipo nyali ya tsiku limodzi siingakonze zimene mwasiya sabata yonse. Mukafika kunyumba lero, pitani kuseri kwa chitseko mukainyamule sutikesiyo. Ikakhala yopepuka, nthawi ikadalipo. Ikakhala yolemera, musafunse kuti muli chiyani. Iikeni pansi, mukhale pafupi ndi mwini wake, muyambe kupepesa.

Aphungu