Thobwa la ku Leicester ndi Chithokomiro Changa

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko?

Khalani pansi, ngati kumeneko kuli mipando, chifukwa ndili ndi chilengezo chokhudza mtundu wonse wa Amalawi: thobwa langa lasasa! Inde, konkuno ku Leicester, m'chidebe cha pulasitiki, pafupi ndi hita. Lachita thovu ngati la pachinkhoswe. Ndinavina ndekha m'khitchini mpaka mkamwini wanu anafunsa ngati aitane ambulansi.

Mukudabwa kuti mwana wanu wa digiri, uja ankati thobwa ndi la kumaliro ndi kumunda, wayamba liti kulikonda? Chichokereni inu, thupi langa linayamba kunyanyala. Ndikatsika basi ku Oadby, kunyumba ya okalamba komwe ndimagwira unesi, miyendo ngati ndasenza matumba a simenti. Tsitsi kuthothoka, thupi kunenepa, kuzizidwa anzanga akutuluka thukuta. Ndinkanamizira nyengo ya kuno, poti nayonso ndi yosalongosoka. Atandiyeza magazi anapeza kuti ndi chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kamene kamalamula liwiro la thupi lonse. Changa chinaweruka osatsanzika, chifukwa chitetezo cha m'thupi langa lomwe chikuchimenya. Tsopano ndi kapilitsi m'mawa uliwonse, ndisanadye kanthu.

Koma imvani zokoma! Ndawerenga, ndipo dokotala sanatsutse, kuti m'matumbo mwathu muli mudzi wathunthu wa mabakiteriya, ndipo si onse afiti. Ena amathandiza kuti ayodini ndi ayironi wa m'chakudya alowe m'magazi, zinthu zomwe chithokomiro chimadalira. Ena amalangiza chitetezo chija kuti chisamamenye abale ake. Mudziwo ukasokonezeka, ngakhale pilitsi limatha kusalowa bwino. Ofufuza akadakangana pa zambiri, ndipo dokotala wandichenjeza kuti thobwa si mankhwala, pilitsi ndisasiye. Ndamva. Komabe ndikaona anzanga akugula mkaka wosasa wa m'timabotolo ta mayina ovuta kutchula, ndimangoti kwathu tinayamba kalekale.

Chimera anandibweretsera Mayi Phiri a kutchalitchi atapita kumudzi. Nditayesa kuphika thobwa, maulendo awiri oyamba ndinangopeza phala lotsekemera, lopanda moyo, lochedwa kusasa mpaka munthu kugwa ulesi. Ndiye ndinakumbukira tsiku lija ndinabwera kuholide kuchokera ku koleji, n'kukwecha mtsuko wanu wa thobwa ndi sopo ndi madzi owira, uku ndikukuphunzitsani ukhondo. Munangoti, "Nabanda, wandithamangitsira aganyu anga." Ndinaseka mpaka misozi. Lero aganyu omwewo ali m'mabuku akuluakulu, ndi mayina a Chilatini! Ulendo wachitatu ndinasiya totsalira ta lakale pansi pa chidebe, osatsuka. Nesi wathunthu ine. Akuntchito asamve.

Kumudzi akuti mtedza wachita bwino chaka chino, ndipo mng'ono wanga Tiyamike wabereka mwana wamkazi. Amupatsa dzina lanu. Akuti amalira mwaulamuliro, ndiye sanalakwitse.

Pali chimodzi chimene ndakhala ndikuchizungulira. Dokotala anandifunsa ngati kubanja kwathu alipo amene anadwalapo matendawa. Ndinati ayi, mwachangu. Ndili m'basi pobwerera ndi pomwe ndinakuonani: juzi mu Okutobala, kuwodzera m'tchalitchi, khasu kulisiya dzuwa lisanakwere, khosi lotupa pang'ono lija. Ine ndinakupatsani dzina loti Agogo Tulo, banja lonse n'kumaseka, inunso n'kumaseka nawo. Zizindikiro zimenezo ndinazilemba pamayeso, n'kukhoza bwino. Sindikudziwa ngati ndi zimene zinakutengani, ndipo sindidzadziwa. Koma kukuperekezani kukayezetsa magazi sikukanandivuta.

Tiyamike pafoni akungodandaula kutopa ndi kuzizidwa. Onse akuti ndi uchembere. Ndikukulonjezani kuti sabata ino akayezetsa, ndipo iyeyu sindimuseka.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Nabanda