Khutu Losaphonya

Lolemba, 6 Juni 1988, Chiponde

Mzere kuyambira pa tebulo langa mpaka pa mtengo wa mango. Othawa nkhondo enanso, ochokera cha ku Mandimba. Mphepo yozizira, fumbi m'maso. Ntchito yomwe ija: kumvetsera kalankhulidwe, kusiyanitsa wa ku Mozambiki weniweni ndi Mmalawi wongofuna khadi la ufa. Lero ndabweza asanu ndi anayi. A Blackson, bwana wathu, pamaso pa onse: "Khutu la Jestina siliphonya." Tsiku lonse kumwetulira ndekha.

Lachinayi, 9 Juni

Mdala wina, a Yakobo. Chikhoti chong'ambika, ndodo. Akuti ndi a ku Mozambiki, koma Chipwitikizi ngakhale moni sadziwa. Chiyao chawo cha ku Namwera chenicheni, mpaka kumati "sitolo", "wachimani", mawu a Chingerezi a kuno ku Malawi. Ndawabweza. Anagwada, munthu wamsinkhu wa bambo anga. "Mwanangu, ndilibe kwina." Mzere wonse maso pa ine. Ndinawauza kuti wabodza aliyense amalanda chakudya cha mwana wamasiye. Ndi zoona zimenezo. Ndi zoona.

Lachisanu, 10 Juni

A Yakobo anabweranso. Sindinadzutse mutu. Bolopeni yatha inki, ndabwereka ya pa tebulo lachiwiri.

Lachiwiri, 21 Juni

Kunabwera mayi wina, Ajira, mwana kumbuyo. Ndinamulemba ndekha mwezi watha, khadi ali nalo. A Yakobo ndi bambo ake. Anasiyana pothawa, mdala sankadziwa kuti mwana wake ali konkuno. Pa unyamata wawo mdalayo anakhala zaka khumi ndi zisanu akulondera pa esiteti ya fodya ku Namwera. Sukulu ya Apwitikizi sanapondeko. Nditawabweza, njala inawabwezera kwawo ku Mozambiki kukakumba chinangwa m'munda mwawo. Anaponda bomba lokwirira. Anawaika Loweruka, anthu omwe anawapeza.

Ajira sanakuwe, sanatukwane. "Ndimangofuna ndikuoneni nkhope, amayi." Anandiyang'ana, n'kutembenuka. Ine ndinaitana wotsatira.

Lachitatu, 22 Juni

Sindinapite ku ntchito. Ndati mutu.

Bombalo sindinakwirire ine. Lamulo si langa. Amabodza alipodi, ndawagwirapo ambiri. Zonsezi ndazinena mokweza m'chipinda muno, ndipo kwa kanthawi ndinazikhulupirira.

Koma funso limodzi lokha: munakhalapo ku Malawi? Linali pa lilime tsiku lija. Ndikukumbukira bwino. Sindinalifunse. Anthu mazana ankandiyang'ana, munthu wamkulu ali chigwadire, ine pa mpando, ndipo zinkandikoma. Zinkandikoma, Mulungu wanga. Ndikuphunzitsa ku Chowe palibe ankandiopa, ngakhale ana a sitandade wani.

Nanga asanu ndi anayi aja? Nanga a mwezi watha? Maina awo sindinalembe n'komwe.

Lolemba, 27 Juni

Ndinapita kwa a Blackson kuti ndiulule zonse, ndisiye ntchito. Anamvetsera akusenda nzimbe. "Imapha ndi nkhondo, mayi, osati bolopeni." Kenaka nkhani yawo: kuyambira Julayi ndiziyang'anira matebulo onse anayi, ndiziphunzitsanso anzanga kagwiridwe ka amabodza.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane. Chomwe chinatuluka: zikomo bwana.

Pobwerera ndinadutsa pa mjigo. Ajira ali pa mzere ndi ndowa. Ndinakhotera kuseri kwa matenti. Ndisanafike n'komwe kunyumba, ndinali nditasankha kale yemwe ndidzamuchotse pa tebulo lachiwiri.

Ndikudziuza kuti ndikakhala pamwamba ndidzateteza ena onga a Yakobo, mafunso azidzafunsidwa onse. Mwina ndi zoona. Mwinadi. Koma ganizo limenelo labwera madzulo ano, ndikutsuka mbale. Mtima unadumpha kale ndi chimwemwe m'mawa uja, pomwe anangoti "matebulo onse", ndipo mpaka pano ukudumphabe.