Mkonono wa Jenereta

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu, ndipo miyendo ija inasiya kutupa. Kuno tilipo, kungoti ine ndikusowa pobisa nkhope.

Mukukumbukira mkonono wa mwana wanu uja ndinajambula n'kukutumizirani? Munaseka, koma ine ndinaonjeza. Ndinauika kuti uzilira munthu akandiimbira, ndipo pabenchi pathu pokonzera mafoni anzanga anamupatsa mwanayo dzina lakuti Jenereta. Tinkafa nako kuseka pamene mkonono umaduka, kuli zii, kenaka n'kudzidzimuka ngati wina wakoka chingwe. Wogulitsa machaja ankati mafuta atha.

Lachiwiri kunabwera mayi wina ndi foni yosweka galasi. Yanga italira, iye sanaseke. Anati ndiyilizenso, ndipo nditamuuza kuti ndi mkonono wa mwana, anafunsa ngati mwanayo amakhala kukamwa kuli yasa, ngati amasinza m'kalasi. Ndinavomera zonse monyadira, ngati ndikukhoza mayeso. Ndiye anati iye ndi namwino, ndipo pamene pali zii paja sikuti mafuta atha ayi, mwanayo amakhala atasiya kupuma.

Nditapita naye kuchipatala, adokotala anamuunika kukhosi, n'kundiitana kuti ndione. Matonsi atupa, atsala pang'ono kugundana. Akuti kuseri kwa mphuno kulinso mnofu wina umene wakula n'kutseka njira ya mpweya, ndipo ndi womwewo ukumugonthetsa makutu. Ine wotha kupeza kafumbi m'sipika ya foni, ndinkamukalipira kuti sayankha chifukwa cha mwano.

Adokotala atamva zojambulazo anandiyamikira, amvekere ndi amalume ochepa amene amasunga umboni chotere. Ndinangoti zikomo, maso ali pansi.

Akufuna kumuchita opaleshoni, koma wovomereza akhale mayi ake, osati malume. Ndikudziwa kuti chimwalirireni bambo athu, mawu akuti opaleshoni simufuna n'kuwamva komwe. Chonde, lizaninso uthenga wa mkonono uja. Ulendo uno mumvetsere pamene pali zii, mukatero mupemphe tchuthi mubwere.

Pochokera kuchipatala ndinamuuza mwanayo kuti mkonono uja ndaufufuta m'foni mwanga. Anandifunsa ngati tsopano angathe kumagona ine ndisanagone. Kani masiku onsewa mwanayu amadzitsina kuti tulo tisamube ine ndili maso, foni ili m'manja.

Mulungu akusungeni, ndipo mundiperekere moni kwa alamu. Mwana wanu akuti akusowani. Mukamuimbira, dzina lija musalitchule.

Ndine mlongo wanu,
Malume ake a mwanayo